Chaka Changa Chokwera pa Chumuni

"Iwe Lameki, ukufuna kundimenya ine chifukwa cha mgolo wadzimbiri?"

Anakuwa motero ndi amalume anga a Gidiyoni, ataima kuseri kwa nyumba yathu ku Kawe, m'mbali mwa nyanja yamchere, nyundo ili m'manja. Ine ndinali nditatsamira njerwa za boyila, chikuni nditachikweza m'mwamba, misozi ndi mamina zili chuchuchu. Ukali wangawu sindinauphunzire kukula ayi, ndinabadwa nawo. Fungo la pamalo paja ndimalimvabe mpaka lero: phulusa lonyowa ndi mvula, mwaye, ndi madzi a sopo otuluka m'bafa.

Boyilayo anamanga ndi bambo anga. Unali mgolo wachitsulo wogoneka pa njerwa, pansi pake malo osonkhapo nkhuni, paipi imodzi yolowa m'bafa, ndi chumuni chachitali chokwera m'mbali mwa khoma mpaka kupitirira malata. Bambo anachokera ku Dedza, kumapiri, n'kuwoloka malire kudzagwira ntchito kudziko lotenthali, pafakitale ya nyama za m'zitini. Anabwera ndi lamulo lawo lakuti munthu wanzeru sasamba madzi ozizira mu Juni. Aneba ankafa nacho chiseko. "Mzee wa Nyasa, baridi iko wapi?" ankawafunsa m'chinenero chawo kuti kuzizirako kuli kuti, thukuta likuyenderera pakhosi. Bambo ankangowayang'ana, n'kupitiriza kuwaza nkhuni.

Mvula yaikulu ikatha, chakumapeto kwa Meyi, kamphepo kozizirira kakayamba kuwomba m'mawa, inali nyengo yokonza boyila. Kwa ife anawo linali tsiku loposa Khrisimasi. Tinkawola phulusa lonse. Bambo ankatsegula paipi yapansi, madzi ofiira ngati tiyi n'kumathamanga m'ngalande, abakha akuwatsatira. Ming'alu ya njerwa ankaimata ndi dothi la pachulu losakaniza ndi mchenga. Pomaliza pankabwera ntchito yeniyeni: mwana wamwamuna ankakwera padenga, n'kutsitsira m'chumuni chingwe chomangirira mwala ndi mtolo wa makumbi a nazi, ulusi wa kunja kwa kokonati. Bambo ankagwira chingwe cha pansi, wapamwamba n'kumakoka, wapansi n'kumakoka, mpaka mwaye wonse utagwa.

Ntchito imeneyo inali ya achimwene anga a Yohane. Ana a mtaa wonse, dera lathu lonselo, ankaunjikana kumpanda kudzawaonerera ali njo padenga, akuda bii, mano okha akuwala. Ine changa chinali chidebe cha phulusa. Nsanje inkandidya. Bambo anandiuza kamodzi kokha kuti, "Yohane akadzachoka, chumuni n'chako." Bambo sankabwereza mawu.

Chaka chimenecho a Yohane anachokadi. Boma linali litalola anthu kuitanitsa katundu wakunja, ndipo masitolo omwe kale munali mashelefu okhaokha anadzaza ndi sopo wonunkhira, nsapato ndi mawailesi. Achimwene anapita kumsika wa ku Kariakoo kukagulitsa mitumba, zovala za kaunjika. Amayi analira. Ine ndinavina kuseri kwa chimbudzi. Mvula yonse ndinkadziphunzitsa kukwera mumtengo wa mango. Makumbi ndinkatola kwa amayi okazinga vitumbua, n'kumayanika pansi pa bedi mpaka chipinda chinayamba kununkha. Mwala ndinasankha kugombe, wosalala, wolemera bwino. Kusukulu ndinauza kalasi yonse kuti adzabwere kudzaona.

Ndiye tangoganizani, tsiku lokonza lili mawa, amalume akutsika mulole yawo ya kudoko ndi chikatoni pamutu. M'katimo munali giza yamagetsi yotenthetsera madzi, yoyera mbee ngati firiji ya m'chipatala. Amayi anaisisita ndi nsonga ya nsalu yawo ya khanga. Sindikuwaimba mlandu: utsi ankapuma ndi iwowo, nkhuni ankasenza ndi iwowo. Amalume anati chimgolo chakale chija chichoke lero lomwe, anatenga nyundo, ndipo ine ndinatola chikuni.

Bambo anatipeza tili chomwecho. Anatsamiritsa njinga pakhoma osafulumira. Anaona giza, anaona nyundo, anaona ine. Kenaka anagwada kutsogolo kwa boyila, n'kupisa dzanja pansi pa mgolo, napapasa nthawi yaitali. Potulutsa dzanjalo analipukuta msanga pabuluku.

"Alamu, mwatichitira ulemu, giza yanu tiika," anatero. "Koma nyundoyo ikani pansi. Mawa tikonza boyila monga chaka chilichonse."

"Abambo ake a Yohane," anatero amayi, "mukonzeranji chinthu chopita?"

"Mwanayu wanunkhitsa nyumba ndi makumbi miyezi yonseyi. Agwire ntchito."

Atatero anatembenukira kwa ine. Anandilanda chikuni chija, nandigwaditsa pamaso pa amalume kuti ndipepese mokweza, aneba amve. Ndinapepesa, koma mumtima ndinkaimba nthungululu. Amalume anandikoka khutu, nati, "Kichwa ngumu, wamakani ngati bambo ako," kenaka anaseka.

Tsiku limenelo ndinali wotsimikiza kuti ndapulumutsa boyila ndi ukali wanga. Zoona zake ndinazidziwa mochedwa. Mgolo uja unali utabooka kale kunsi, ukudontha, ndipo dzanja la bambo linatuluka lonyowa. Panalibenso chopulumutsa. Mvula ya Novembala isanagwe anaugumula okha ndi nyundo yomweyo. Pano ndili ndi ana anga amuna, ndipo ndikudziwa kuvuta kwake kuwononga tsiku lathunthu kupala chumuni chakufa, kungoti mawu amene unauza mwana asagwe pansi.

Koma m'mawa mwake zonsezo sindinkazidziwa. Ndinadzuka nkhuku zisanatsike, chingwe paphewa, mwala m'thumba. Malata anali ozizira ndi mame, mapazi ankaterereka. Nditaimirira ndinaona nyanja yonse, ngalawa za asodzi zikubwerera, ndi mitu ya anzanga itandandalika kumpanda. Ndinatsitsa mwala. Pansi bambo anafuula kuti, "Koka!" Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse, mwaye unaphulika ngati mtambo n'kundilowa m'mphuno, m'makutu, m'kamwa, ana onse akukuwa dzina langa. Nditatsika amayi anandilozera kubafa. Ndinawazemba, n'kuyenda Kawe yense mpaka kumsika wa nsomba ndili wakuda bii, kuti aliyense aone amene anakwera.