Wataya Mwana Ndani Pano?

Lachiwiri lapitali linali tsiku lopita ndi mwana wanga Linesi kusikelo, koma ine malungo anali atandigwetsa. Bambo ake anali atalawirira kuntchito ku Limbe. Ndiye ndinaitana a Esinta a khomo loyandikana nafe, amene anabwera kuno ku Bangwe chaka chatha kuchokera ku Nsanje. Ndinayamwitsa mwanayo mpaka kukhuta, ndinawabereketsa, n'kuwapatsa khadi ya kusikelo.

Chachilendo chilipo apa? Tonse timatero.

Kusikelo mzere unali wautali. Pobwerera dzuwa linali pamutu, ndipo atafika pamsika Linesi anayamba kulira njala.

Inu mukudziwa mmene timachitira ife. Mwana akalira pagulu, aliyense amasanduka mlangizi. "Amayi, tampatseni bere mwanayo!" Koma a Esinta alibe mwana woyamwa. Ana awo awiri anawaika m'manda ku Nsanje. Akanampatsa chiyani? Anangomutsitsa kumsana, n'kumamutonthoza uku akufulumira.

Mayi wina wogulitsa makala anawatsekera njira.

"Mwana akulira chonchi, inu osakhala pansi? Ngwanu mwanayu?"

"Ngwa anzanga."

"Anzanu ati?"

Mantha atawagwira, a Esinta anayamba kuyankha m'Chisena chakwawo. Pomwepo wina anakuwa kuti, "Wakuba ana!"

Izi ine sindinazione. Anandifotokozera ndi a Esinta eni ake komanso amayi awiri ogulitsa tomato amene anali pomwepo. Akuti anthu anadzaza kanthawi kochepa. Wina anawamenya khofi, wina anawang'ambira bulauzi, wina anali atatola kale mwala. Kumbuyo amuna ena amafunsana za tayala loti awaotchere. Mwana wanga ali pakati pomwepo, uyu akukoka mwendo, a Esinta akukanirira pachifuwa.

Mwamwayi panadutsa wapolisi. Anali yekha, wapansi, wopanda mfuti. Ndodo anali nayo koma sanaikweze. Analowa m'gulumo, anawakankhira a Esinta pamodzi ndi mwana m'kaokala ka bambo wina, iye n'kuima pakhomo. Kenaka anafunsa mokweza kuti, "Wataya mwana ndani pano? Abwere kutsogolo."

Palibe amene anabwera kutsogolo.

"Nanga amene wamva kuti kwa auje kwasowa mwana?"

"Ife tangomva akukuwa," anatero wina.

Bambo wina anapsa mtima. "Bwana, inuyo mumabakira akuba! Mukamutenga lero, mawa tidzakumana naye akugula bonya."

Wapolisi uja sanakwiye. Anati, "Achimwene, akakhala wakuba ndimumanga ndekha inu mukuona. Koma mukamupha, atilozere ndani kwa amake a mwanayu? Mukamulera ndinu?"

Akuti ena anaseka. Ndipo munthu akaseka, mwala umayamba kulemera m'manja.

Wapolisi uja anasuzumira m'kaokala, anapempha khadi ya kusikelo ija, n'kufunsa a Esinta pang'onopang'ono kumene ndimakhala. Atatero anatembenukira kwa mayi wa makala uja, amene mawu ake amamveka kuposa onse.

"Mayi, ndaona kuti inu ndi amene mwamudera nkhawa kwambiri mwanayu. Tengani anzanu awiri, mupite kumunsi kwa chigayo, nyumba ya chitseko chobiriwira, mukabwere nawo amake. Koma dzina la mwana musakawauze."

Mwaiona nzeruyo? Woyambitsa moto anamupatsa ntchito. Gulu linatsala lopanda mtsogoleri, ndipo linali ndi choti lidikire.

Ine ndinangomva kugogoda kwamphamvu. Mmene ndinayendera sindikudziwa, malungo anathawa okha. Ndinafika wopanda nsapato, ndikumva kulira kwa Linesi kuchokera patali. Nditati ndilowe, wapolisi uja anatambasula mkono.

"Pepani mayi, pang'ono chabe. Mwana wanu dzina lake ndani? Anabadwa mwezi uti? Wavala chiyani lero?"

Kunena zoona, ndinamuda munthu ameneyu. Mwana wanga akulira kuseri kwa msana wake, iye n'kumandifunsa ngati tili pamayeso a Sitandade 8? Koma ndinayankha zonse. Iye anatenga khadi n'kupatsa bambo wopsa mtima uja. "Tiwerengereni, achimwene, mokweza."

Bamboyo anawerenga, mawu akumka nachepa.

Ndinakhala pa kireti ya mabotolo n'kuyamwitsa mwana wanga anthu onse akuona. Ndipamene ndinazindikira kuti mafunso aja sanali a ine. Akanangondipatsa mwana, mawa lake anthu akananena kuti wapolisi wadya chibanzi, ndipo a Esinta sakanapondanso pamsika. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinawaona tsiku limenelo.

Sanathere pomwepo. Anafunsa a Esinta ngati akumudziwa amene anawamenya, analemba m'kabuku kake, n'kuwauza kuti akafuna kukadandaula khomo n'lotsegula. Kenaka anatiperekeza, osati kulambalala kuseri ayi, koma kudutsa pakati penipeni pa msika, iye ali pambali pa a Esinta.

Dzina lake sindinalifunse, ndipo ndikudziimba mlandu.

Tsono abale anga, tiyeni tikambirane. Kale lija tikaona yunifolomu timalowa m'nyumba n'kutseka. Chibwerere matipate, tasintha nyimbo. Tikuti apolisi afooka, akuba achuluka, ndiye tiziweruza tokha. Kuti akuba achuluka sindikukana. Nanenso anandibera zovala pachingwe, ndipo ndikudziwa kuwawa kwake. Sindikunenanso kuti wapolisi aliyense ali ngati uyu.

Koma tikamati tikufuna apolisi amphamvu, timatanthauza chiyani? Womenya? Akanafika womenya tsiku lija, akanasankha mbali. Akanakwapula anthu, miyala ikanauluka, mwana wanga ali pakati. Kapena akanakokera a Esinta kuchitolokosi kuti gulu lisangalale. Uyu analibe galimoto, analibe mnzake. Anali ndi khomo la kaokala, khadi ya kusikelo ndi mafunso ochepa. Mafunso amenewo ngofunika kupita kusukulu ya apolisi kuti uwadziwe? Mayi wa makala sakanatha kufunsa kuti, "Khadi yake ili kuti?"

Mwambo wathu wokuwira mayi kuti ayamwitse si woipa. Ndi chikondi. Koma tayang'anani m'makomo mwathu masiku ano. Ndi amayi angati akubereka ana a abale awo amene apita ndi matenda abwerawa? Azakhali, agogo, oyandikana nyumba. Onsewa alibe bere loti apereke. Tiziwagenda onse?

A Esinta tsaya likadali lotupa. Dzulo anandiuza kuti, "Amake Linesi, mundikhululukire, mwana wa munthu sindidzaberekanso." Sindinawatsutse. Ndiwadikira, ine kudikira sikundivuta. Koma sindilola kuti zithere pamenepa. Kaya ndi mwezi wa mawa, kaya winawo, tsiku la sikelo Linesi adzakhala kumsana kwawo, ine pambali. Tidzadutsa pamsika pomwepo, ndipo tidzaima pa mayi wa makala uja kupereka moni mpaka atiyankhe.

Kwa apolisi ndikuti: amene ali ndi mutu ngati wa mnzanuyu musamubise muofesi, ayende m'misika mwathu.

Ndipo inu amene munali pamsika Lachiwiri, mwala uli m'manja, ndili nanu funso limodzi. Wapolisi uja akanadzera njira ina, ine n'kufika wopanda nsapato kudzafunsa mwana wanga ndi mnzanga, mukanandiuza chiyani?