Thumba la Alamu Pampando wa Kutsogolo

Mwana wanga wamkazi atabwera ndi galimoto yamagetsi kuchokera ku Lilongwe, ine ndinaiseka. Galimoto yanji yosalira, yofika pakhomo mwakachetechete ngati mphaka? Koma masiku amenewo anthu ankachezera pamizere ya petulo, pamene iye ankangolowetsa chingwe pazenera la kukhitchini kwathu ku Mtengowanthenga, n'kukhala pansi kumamwa tiyi. Kuseka kwanga sikunachedwe kutha.

Ulendo umene anabwerera sunali wamasewera. Amuna anga ali ndi mlongo mmodzi yekha, amene amakhala kumapiri kuseri kwa Kasakula, ndipo awiriwa sankalankhulana. Amuna a alamu angawo atamwalira, abambo akunyumba kuno, amene nthawiyo anali hedimasitala, sanapite kumaliro; anali kochonga mayeso, uthenga anaumva mwambo utatha. Chipepeso chimene anatumiza chinabwezedwa mmene chinapitira. Zaka zinadutsa, nkhalamba ziwiri zikulimbana mitima. Kenako kunabwera mawu ochokera kwa alamuwo akuti ngati akufuna kudzandiona ndili maso, abwere. Abambowa anasita okha malaya, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo.

M'mawa wa ulendowo tinapeza kuti magetsi anazima tili m'tulo, batire silinadzaze. Ine ndinaloza nambala imene imaoneka kuseri kwa chiwongolero, yonena mtunda umene watsala.

"Si iyi ikuti tikafika n'kubwerako?"

"Amayi, nambala imeneyi imalonjeza ngati mnyamata wofunsira mbeta," anatero mwana wanga. "Batire la galimotoyi n'laling'ono, la m'tauni. Chitunda chimalidya, msewu wa mabampu umalidya, liwiro limalidya, katundunso amalidya."

Anapopa matayala, n'kutsitsa zonse zosafunika. Mphepo yozizira ya m'galimoto anaikana, akuti nayonso imamwa pachitsime chomwecho, ndiye tinatsegula mazenera n'kumadya fumbi.

Abale inu, mwanayu amayendetsa! Ndikunena poyera, ngakhale ndi wanga. Pokwera chitunda sankaponda mwaukali, ankainyengerera galimotoyo pang'onopang'ono. Potsetsereka ankachotsa phazi, ndiye nambala ija, m'malo motsika, inkakwerako pang'ono. Akuti matayala akamazungulira okha pamtsetse amabwezera moto m'batire. Ine ndinaphunzitsa ana sayansi mpaka kupuma ntchito, koma ndinangogwira pakamwa. Bambo ake sanaone chilichonse cha izi. Maso awo anali kumapiri, manja akupotokola chipewa.

Alamu anatilandira pansi pa mtengo wa mango. Ine anandipatsa moni wautali, mwana wa mlongo wawo anamukumbatira, koma mlongo wawoyo anangomugwira nsonga za zala. Anatiphera nkhuku. Tinakamba za mvula, za feteleza, za mitengo ya fodya, za amene anakwatiwa ndi amene anathawa ukwati. Za maliro aja palibe anaziyamba. Mtima wanga unkawawa, ndinkati taonani fumbi tadyera pachabe.

Titatsanzika, alamu analowa m'nyumba n'kuitana oyandikana nawo. Kunatuluka thumba la chimanga lodzaza mpaka kukamwa, thumba la mbatata ya kachewere, mtedza, ndi maungu akuluakulu. Alamu anaika dzanja pathumba la chimangalo n'kuyang'ana mlongo wawo m'maso, koyamba tsiku lonselo. Aliyense pabwalopo anamva. Munthu amene anabweza chipepeso lero akupereka yekha. Kusiya ngakhale dzungu limodzi kukanakhala kubwezera chipongwe, ndipo kwathu kuno mphatso ya mbale siikanidwa ndi pomwe.

Mwana wanga anandikokera pambali.

"Amayi, katundu yenseyu ndi ife tonse, chitunda chachikulu tatsetsereka pobwera chija sititha. Tikagona m'njira."

"Ndiye tchaja konkuno!"

"Ndi sola ya foni ya azakhali?"

Ndinapsa mtima. Ndinati ndinanena ine, galimoto yosalira si galimoto. Iye anakonza chitenje chake, n'kukagwada pamaso pa azakhali ake, mwana wa m'tauni wa ma digiri ake.

"Azakhali, mphatso yanuyi sitsala, ngakhale kanthu kamodzi. Koma galimoto yangayi mphamvu yake yachepa, singanyamule katundu ndi anthu tonse. Mmodzi wa ife atsale, ndidzabwera kudzamutenga batire likadzaza."

Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndidzipereke, poti pa atatufe wonenepa ndine, sindibisa. Mwanayo anandiyang'ana kamodzi kokha, ine n'kutseka pakamwa panga.

Abambo anakhosomola.

"Nditsala ndine," anatero, akuyang'ana pansi. "Ngati malo alipo."

Alamu anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Mphasa ilipo," anayankha. "Koma kuno kulibe za uhedimasitala. Muswa nawo mtedza."

Thumba la chimanga linakhala pampando wa kutsogolo, pamalo pa abambo, mwana wanga n'kulimanga lamba. Ine ndinapanikizana ndi maungu kumbuyo. Tinayenda pang'onopang'ono moti akabaza ankatipitirira akutiseka. Pachitunda chachikulu chija kanyali kochenjeza kanayaka, ine ndinayamba nyimbo ya m'buku chamumtima. Mwanayo nkhope yake sinasinthe n'komwe. Anakwera, n'kutsetsereka tsidya linalo akutolera kamoto konse kamene mtsetse unkapereka. Tinalowa pageti dzuwa likulowa, nambala itatsala yoti munthu ungayende wapansi osatopa. Nditatsika ndinamuuza mwanayo kuti ndamugomera.

Ndisanavule n'komwe nsapato ndinaimba foni kumudzi kuja, chifukwa ndinkaopa kuti mwina ayambana kale. Inaitana nthawi yaitali. Abambo atayankha, chapatali ndinamva mawu a alamu akukalipa kuti makoko a mtedza asatayidwe pakhomo, si khalidwe limenelo, munali chonchi kuyambira muli mwana.

"Mwafika bwino?" anafunsa abambo. Mawu awo anali ngati a munthu amene walira n'kusiya.

"Tafika. Mwana akuti abwera Loweruka kudzakutengani."

"Muuzeni asafulumire," anatero. "Mtedza ndi wambiri kuno."