Mabwato a malata pa Mudi

Ena mukamva nkhaniyi muziti mayiyu akungokometsera, koma ndikunenetsa, pali Mulungu, zinachitika ndithu, ndipo amene munkakhala ku Zingwangwa nthawi ya chipani chimodzi ija, tikufunsidwa makadi pachipata cha msika, mwina munaimvako, kungoti inu munaimva ngati nthabwala. Ine mpaka lero ndikaikumbukira mtima umachita kuwira, ndiye mundikhululukire ndikayamba kukalipa.

Amuna anga anali a kuchigwa cha Shire, ntchito yawo yokhoma zidebe ndi mbaula. Munthu wabwinobwino, wosamwa, wosamenya, koma akangokumana ndi anzawo akwawo potuluka ku Misa, nkhani inali imodzi basi, ya madzi. Uyu akuti anawoloka Shire atadzaza iye ali kamwana, uyo akuti ng'ona zakwawo zimamudziwa ndi dzina, ife akazi tili chiimire padzuwa kudikira kuti mabodza athe tizipita. Tsiku lina mmodzi anati bwanji akhome mabwato awoawo akapalase pa Mudi, anthu a mu Blantyre aoneko mmene amuna amayendera pamadzi. Ine ndinkayesa zocheza, koma posakhalitsa kuseri kwa nyumba yathu kunali timabwato titatu ta malata akale, tomata ndi phula, toonda ngati mabokosi a maliro, kalikonse kokwera anthu awiri.

Tsono chimene anthu sankadziwa n'chakuti ine ndinali ndi pakati. Tinali titakhala zaka ndithu m'banja popanda mphatso, achibale a amuna anga atayamba kale kundilasa ndi mawu am'mbali, ndiye mimba imeneyo kwa ine inali zonse. Inali idakali yaing'ono, yosaoneka, ndipo inu mukudziwa kuti mimba yaing'ono salengeza, poti si onse okusekerera amene amakufunira zabwino. Ankadziwa ndi amuna anga okha. Ndinawauziratu tili awiri kuti ine ndikangoperekeza, kukwera ayi, iwo n'kuvomera bwinobwino.

Linali Lamulungu masana, nyengo ya dzinja, dzuwa likuswa mtengo. Tinanyamula mabwato aja mabanja atatu mpaka kumunsi kwa tauni, pamene Mudi amayenda mofatsa, madzi ake akuda bii, akununkha zotayidwa kumafakitale. Akazi a anzawo aja, poti nawonso anali a kuchigwa, anangolumphiramo ngati akukhala pamphasa, ndipo atandiona ndaima kumtunda kuseka kunayambika. Bambo wina anafunsa amuna anga ngati anakwatira mkazi kapena mphaka, mayi winanso anati alamu musatichititse manyazi, aka si mtsinje, ndi kangalande, kwathu timangotsukiramo mapazi. Ine ndinayang'ana amuna anga kuti andiyankhire, poti chifukwa chake ankachidziwa ndi iwo. Mukudziwa chimene anachita? Anandiyandikira n'kundinong'oneza kuti ndingokwera pang'ono, madzi ake ndi olekeza m'chiuno, ndisawayalutse pamaso pa anzawo. Nanga ine ndikanatani, ndifuule pamaso pa amuna a eni kuti ndili ndi pakati? Ndinakwera mtima ukukana.

Poyamba zinkayenda, bodza n'loipa. Amunawo ankapalasa mwaluso ndithu, akuimba nyimbo za Chisena, ana akutithamangira m'mbali mwa mtsinje. Kenaka tinafika pamene amayi ena ankachapa pamiyala, ndipo ndinadabwa kuwaona akulongedza zovala zili zonyowa, ena zili ndi thovu lomwe. Mayi mmodzi wachikulire anatikuwira kuti tituluke msanga, akuloza phiri la Ndirande, ndipo nditacheuka ndinaona phiri lonse litabisika mumtambo wakuda. Ndinawauza amuna anga kuti akocheze, ndinawauza kawiri, kachitatu mochita kukalipa. Iwo anangoyang'ana kumwamba n'kunena kuti mvula ili kuti dzuwa likuwala chonchi, ati madzi sabwera ngati wakuba, kwawo amakwera pang'onopang'ono mpaka munthu umasamutsa mbuzi ndi nkhuku zomwe. Abale, munthu wamkulu ndi ndevu zake kuyerekeza Shire ndi mtsinje wotsika m'phiri.

Sanamalize n'komwe kundiphunzitsa za madzi. Ndinamva mkokomo kumbuyo ngati lole ikutsitsa miyala, madzi akuda aja anasanduka ofiira, kunayamba kudutsa zinyalala, mapesi, nthambi, kenaka chimadzi chenichenicho chinatipeza. Kabwato kathu kanazungulira, nkhafi inawapulumuka amuna anga, tinakawomba mwala, lata lija n'kupindika ngati chitini, ine m'madzi phava. Kusambira sindidziwa, komanso masiku amenewo mkazi sankavala buluku, ndiye diresi ndi chitenje zinandikulunga miyendo moti ngakhale kupalapata sindinkatha. Ndinamwa madzi onunkha aja, ndikatulutsa mutu ena andikwirira, ndipo chipika china chinandimenya cham'nthitimu mpaka ndinaona mdima. M'mutu mwanga munalibe za kufa kwanga ayi, ndinkangoti mwana wanga, mwana wanga.

Mmene ndinagwirira mizu ya mtengo wina wa m'mbali sindidziwa, koma ndinaikakamira zala zikuchita kung'ambika, madzi akundikoka ngati ali nane chifukwa. Anandivuula ndi amayi ochapa aja, analumikiza zitenje ndi nsalu zofunda n'kundiponyera, mayi wachikulire uja akundilimbitsa mtima kuti ndisataye, uku akutukwana amuna athu mawu oti sindingawabwereze pano. Tonse tinapulumuka, mabwato okha ndiwo anapita.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi ichi. Tili kumtunda, tikunjenjemera, matope thupi lonse, abambo aja anali atayamba kale kuseka ndi kukanganirana kuti phula la ndani linali lochepa, pamene ine msana unali utayamba kundidula. Mmawa mwake ndinapita padera. Kuchipatala anamwino anandifunsa kuti munthu woyembekezera ndinkafunanji mumtsinje, ine ndinangotembenukira kukhoma.

Ku Zingwangwa nkhani inawanda ngati sewero. Amuna anga anawapatsa dzina loti asodzi a pa Mudi, pamsika amayi ankandifunsa akuseka kuti madzi a kumafakitale amakoma bwanji, ine n'kumasekerera nawo mano okha. Palibe anabwera kudzandipepesa, poti palibe ankadziwa kuti m'nyumba mwathu mwagwa zovuta, ndipo chinthu chimene sunalengeze kubwera kwake sungalengeze kupita kwake. Amuna anga analira, anagwada, za madzi sanazitchulenso pakamwa pawo mpaka tsiku limene anatisiya. Ndinawakhululukira, inde, banja ndi kupirira, koma mimba ina sinabwerenso, ndipo achibale awo anapitiriza kunena kuti mbale wawo anakwatira chumba, amuna angawo osawauza zoona zake.

Ena ankati tinakumana ndi napolo, ena ankati alipo anatichita chipongwe. Ine zimenezo sindizikhulupirira ngakhale pang'ono. Inali mvula wamba yogwa kuphiri, ndi mwamuna amene anaopa kusekedwa ndi anzake kuposa kuopa kutaya mwana wake. Ndiye inu a mu Blantyre muno, mukakhala pa Mudi kaya pa Naperi, musamayang'ane kumwamba kwanu, muziyang'ana kuphiri, kukada tulukani ngakhale dzuwa likuwotcha. Ndipo inu atsikana, mtima ukakana chinthu kanani, chifukwa chake simukuyenera kuuza munthu aliyense. Akati ndinu amantha, asiyeni anene. Onse amene anandiseka tsiku limene lija anakalamba akulera zidzukulu, ine ndimalera za eni.