Wometa wa Kuseri kwa Bwalo la Ndege

Babashopu yawo inali kuseri kwa mpanda wa bwalo la ndege, kachipinda ka mpando umodzi ndi galasi long'aluka pakona. Anthu ankawatchula kuti a Pailoti, ngakhale anali asanakwereko ndege. Akamva ikutera ankazimitsa mashini n'kutuluka panja, kasitomala n'kutsala ndi mutu wometedwa mbali imodzi. Makasitomala akale anazolowera. Achilendo ankanyanyuka.

Mtima wawo unali pa ndege zonyamula anthu. Ankati ndi zaulemu: zimasunga nthawi, zimatera mofatsa, anthu n'kutsika atavala bwino. Mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, anali msilikali wopuma yemwe ankayendetsa malole ku usilikaliko. Loweruka lililonse ankabwera kudzametetsa mutu umene tsitsi linathamo kalekale.

"Alamu, zanuzo ndi mabasi amapiko," ankatero msilikaliyo. "Ndege yeniyeni ndi yankhondo, ija ikangodutsa agalu onse amathawira kunsi kwa bedi."

"Phokoso si luso, alamu. Chigayo nachonso chimasokosa, koma simunachionepo m'mwamba."

Ankakangana choncho mpaka mayi a kunyumba kubwera kudzanena kuti chakudya chikuzizira.

Chaka china cha mvula yambiri, a Pailoti anapita kumaliro kutali. Pobwerera basi yawo inagubuduka pafupi ndi mlatho umene madzi anali atakokolola. Anathyoka mwendo ndi nthiti. Msewu wa kuchipatala chachikulu unali utaduka, ndiye asilikali anatumiza helikopita. Anawalowetsamo ali pa machira, lamba atawamanga pachifuwa, zenera lili kumbuyo kwa mutu wawo. Ulendo wonse anangoona nthambo za kudenga ndi botolo la diripi likugwedezeka m'dzanja la namwino. Anapempha kuti awatembenuze aone kunja, koma namwinoyo sanamve ndi phokoso lija. Anangowagwira paphewa.

Mlamu uja anabwera kudzawaona kuchipatala, atanyamula nthochi.

"Ndamva mwakwera yathu."

"Sindinakwere. Anachita kundinyamula."

"Chabwino. Nanga munaiona bwanji?"

A Pailoti anayamba ayang'ana kaye kukhoma. "M'kati muli ngati m'galaja. Fungo la mafuta, mipando yansalu. Koma potera sindinamve kanthu, ndi nthiti zangazi. Amene ankayendetsayo dzanja ali nalo."

Msilikaliyo anasenda nthochi n'kuwapatsa.

Mwendo unapola mokhota, muli chitsulo m'kati. Kuimirira nthawi yaitali kunayamba kuwavuta, moti masiku ano amameta atakhala pa kampando kakatali, ndipo dzuwa likapendeka amatseka. Mwana wawo wamkazi, yemwe amagwira ntchito kunja kwa dziko, wakhala akuwaitana kuti akamuone, ulendo wa pandege. Iwo amati adzapita adokotala akadzachotsa chitsulocho, chifukwa sakufuna kukaliza makina ofufuza zitsulo a pachipata cha bwalo la ndege anthu akuona.