Theka Langa la Nyimbo ya ku Andes

Thoko, mnzanga wa ku yunivesite, lero potuluka kuntchito ku Northbridge ndamva munthu akuliza zitoliro za ku Peru pamsewu, mtima n'kundiwawa. Papita zaka zitatu chikuikire m'manda.

Ndakumbuka nyimbo ya okesitira ija ya mabasuni awiri, zitoliro zazitali zolira besi zimene iwe ndi ine tinkaliza. Woipeka anatengera mwambo wa kumapiri a Andes, ku Peru komweko, kumene anthu awiri amagawana nyimbo imodzi, uyu liwu limodzi, mnzake lotsatira, moti palibe angaimalize yekha. Tinkayeserera m'galaja ya azakhali ako ku Mirrabooka, iwe n'kumandikalipira kuti, "Aise, ukupuma ngati basi yokalamba, ndisiyireko mpata!" Kutatsala milungu iwiri kuti tikaimbe, mphunzitsi wathu wa nyimbo anandinyoza pagulu, ine n'kunyamula basuni yanga, sukulu n'kuisiyira pomwepo. Unandiimbira foni kangapo, sindinayankhe. Nyimboyo anaichotsa pa pulogalamu, ndipo khansa inakutenga usanailize pamaso pa anthu. Mphunzitsi uja sindidzamukhululukira, koma amene anakulanda nyimbo ndine. Theka langa ndimalidziwabe pamtima. Ndikaliliza ndekha limangokhala mipata yokhayokha, ndipo mpata uliwonse ndi wako.