Chala cha amayi

Amayi anaponda msomali kuseri kwa benchi yawo ya tomato pa Nkando, koma sanamve kupweteka. Matenda a shuga anali atawachititsa dzanzi mapazi kalekale. Ndine ndinaona magazi pansapato yawo atafika kunyumba.

Bala linali pachala chachikulu. Kwa mwezi wathunthu ndinkalitsuka ndi madzi amchere ndisanapite kukathyola tiyi ku esiteti. Kuchipatala chaching'ono chakwathu, kamakina koyezera shuga kanalipo, koma timapepala take tinali titatha. Ankangotipatsa panado n'kumati tibwere sabata yamawa.

Chala chitada n'kuyamba fungo, ndinawatengera kuchipatala chachikulu. Adokotala, mayi wolankhula mosapsatira, anachikanikiza n'kupukusa mutu.

"Chala ichi chafa. Tikachichotsa mawa, phazi lipulumuka."

"Chotsani," ndinayankha.

Amayi anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Achimwene anga asanamve? Iwe ndiwe mwana. Sindisayina."

Mwana! Ine wa ana atatu, amene ndinkapukuta mafinya awo tsiku ndi tsiku.

Amalumewo anali kutsidya, ku Mozambiki, kukagula nandolo. Foni yawo sinkapezeka. Ndinatuma uthenga kudzera mwa amayi ena ochita geni kumalire, kenaka n'kumangodikira. M'mawa uliwonse anamwino akamasula bandeji, kudako kunkakhala kutakwera. Ndinawagwadira amayi, ndinalira, mpaka tsiku lina ndinawakalipira odwala anzawo akumva. Iwo ankangotembenukira kukhoma.

Amalume anatulukira patatha masiku asanu ndi atatu. Anaima patali ndi bedi, mpango uli pamphuno.

"Kudula munthu ali moyo? Kumtundu kwathu sizinachitikepo. Tiyambe taitana abusa."

Abusa atabwera anangowauza kuti, "Bambo, mverani adokotala." Pamenepo m'pamene amalume anavomera, amayi n'kudinda chala chawo papepala. Koma panafunikanso magazi, ndipo a mtundu wawo munalibe. Tinadikiranso masiku atatu.

Tsiku la opaleshoni adokotala anandiitanira pakhonde. Sanakalipe. Anangoloza m'munsi mwa bondo langa pondisonyeza.

"Tsopano tidula apa."

Amalume anabweranso kudzazonda, atanyamula nthochi. Ataona nsalu itaphwa pomwe panali mwendo, anandicheukira.

"Mwana wa mlongo wanga, ukanandiuza kuti zafika poterepa."

Ndinatenga beseni n'kupita kumpopi. Ndikanatsegula pakamwa, chibale chikanathera pomwepo.

Lero amayi amayendera ndodo, ndipo benchi ija anaisiyira mng'ono wanga. Madzulo alionse ndimawaunika phazi latsalalo, pakati pa zala ndi kuchidendene, iwo akudandaula kuti ndikuwasandutsa khanda. Za mwendo woikirira akuchipatala anatiuza kuti zimachitikira ku Blantyre, ndipo dzina lawo analilemba. Nyengo ya mvula yadutsa kawiri chilembereni.