Khadi Lachikasu la Kamphepo

Dzina loti Anti Simbi analitengera kuntchito. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankasita nsalu m'chipinda chapansi cha hotela, chopanda zenera, momwe nthunzi imayamba kufuka alendo a m'mwamba asanadzuke n'komwe. Nsalu zoyala pabedi zinkabwera m'madengu a mateyala, za pathebulo m'matumba, ndipo malaya oyera a operekera zakudya ankadikira pa chitsulo chachitali cha kukhoma. Manja awo anali timabala tokhatokha takupsa. Koma amene ankalikonda kwambiri dzinali anali atsikana a timu ya hoki, masewera omenya kampira ndi ndodo, omwe ankati ukakagundana ndi antiwo kumbuyo komwe ankatchinga umabwerako makwinya onse atawongoka.

Hoki anaiyamba ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo tsopano anali ndi makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi. Ana atatu anabadwa, iwo n'kumabwererabe m'bwalo. Dzino lawo lam'tsogolo linapita ndi kampira kolimba kaja. Amuna awo, dalaivala wa lole ya buledi, ankauza anzawo kuti anakwatira anthu awiri, mkazi ndi ndodo yake yokhota, ndipo ndodoyo ndi imene inali ndi mawu m'nyumba. Makaputeni anayi anabwera n'kupita antiwo ali pomwepo. Kwa womaliza, yemwe anali nesi, antiwo anali wachiwiri wake zaka zisanu ndi ziwiri. Choncho anesiwo atasamutsidwa kukagwira ntchito kutali, Anti Simbi anachapa jezi yawoyawo n'kuisita bwinobwino, poti nthawi yawo inali itakwana.

Akochi, mphunzitsi wopuma ntchito yemwe sankavula kapusi ngakhale kutenthe chotani, anasonkhanitsa timu pansi pa shedi ya m'mbali mwa bwalo.

"Masewera asanu ndi limodzi akubwerawa kaputeni akhala Kamphepo," anatero. "Akatha, mudzavota nokha."

Kamphepo anali mtsikana wa zaka makumi awiri, wokonza mafoni mu kashopu kakang'ono pafupi ndi siteji ya mabasi. Ankasewera pakati, ndipo liwiro lake ndi limene linamupatsa dzinalo. Mayi ake anasewerapo limodzi ndi antiwo kalekale.

"Akochi, mwati ndani?" anafunsa Anti Simbi.

"Kamphepo, achemwali."

"Uyu? Ndinkamusintha matewera pa benchi lomwe mwakhalapolo."

"Masiku ano amavala yekha," anayankha akochi.

Atsikana anabisa nkhope m'majezi n'kumaseka chamumtima. Antiwo sanaseke. Zinawapweteka, ndipo sanabise kuti zawapweteka. Kunyumba amuna awo anayesa kuwaziziritsa mtima: "Ingozisiyani, mayi a ana. Mawondo anuwo ayamba kale kudandaula." Iwo anayankha kuti mawondo savota. Masewera asanu ndi limodzi si ambiri, anatero, ndipo akamatha aliyense adzakhala atadzionera yekha kusiyana kwa munthu wamkulu ndi mwana.

Tisawanamizire antiwo kuti inali nsanje yokhayokha. Mfundo anali nazo. Kaputeni ndi amene amalankhula ndi woyimbira zinthu zikatentha, ndipo pamafunika munthu woti akhoza kumeza mawu. Kaputeni amayenera kudziwa kuti uyu wabwera asanadye, uyu wayambana ndi amuna ake, uyu ukamukalipira pagulu sabweranso. Zimenezi, iwo ankati, siziphunziridwa pa foni. Ndiye anayamba kumuyang'anitsitsa mwanayo, ndipo zolakwa sizinasowe. Tsiku lina anafika mochedwa, sikuludilaiva ili m'thumba la kabudula. Tsiku lina anakalipira wakuphiko, wosewera cha m'mbali mwa bwalo, mpaka mtsikanayo analira. Antiwo ankasunga zonse m'mutu. Chomwe chinkawasowetsa mtendere n'chakuti mwanayo ankaona mpata m'bwalo ena onse asanauone, ndipo mawa lake anakapepesa wakuphiko uja popanda womutuma. Pa masewera asanu anapambana atatu, kulepherana amodzi, kugonja amodzi.

Mu hoki muli lamulo lina limene anthu oonera salidziwa. Osewera amatha kusinthana nthawi iliyonse masewera ali m'kati, bola wolowa adikire kuti wotuluka adutse mzere. Timu ikapezeka ndi anthu khumi ndi awiri m'bwalo, woyimbira safufuza kuti walowa molakwika ndani. Khadi lachilango limapita kwa kaputeni. Antiwo lamuloli ankalidziwa ngati dzina lawo, ndipo ndi iwo amene ankaphunzitsa atsopano onse.

Masewera achisanu ndi chimodzi anali Loweruka masana, ndi timu ya osoka zovala a kufakitale. Kutatsala mphindi khumi zigoli zinali chimodzi kwa chimodzi. Anti Simbi anali pa benchi chifukwa bondo linali litatupa. Akochi anali chogwada, kumanga chala cha mtsikana yemwe mpira unamumenya, choncho Kamphepo ndi amene ankaitana osinthana ali m'bwalo momwemo. Anakweza zala ziwiri n'kuloza atsikana awiri a kumapeto kwa benchi.

Antiwo zalazo anaziona bwinobwino. Zinali ziwiri, ndipo palibe chomwe chinaloza iwo. Koma ankaonanso kuti kumbuyo kukudontha ngati denga lakale, ndipo mumtima anati mwanayu wasankha molakwika, pamenepa pakufunika ine. Atsikana awiriwo atanyamuka, iwonso anadzuka n'kuwatsatira. Anatuluka awiri, analowa atatu. M'phokoso lija palibe anazindikira, ndipo atsikana awiriwo ankayesa kuti antiwo aitanidwanso.

Sipanathe mphindi, wezulo inalira. Woyimbira anawerenga ndi chala, kenako anabwereza. Anauza mtsikana yemwe anali pafupi ndi mzere kuti atuluke, n'kuitana kaputeni. Khadi lachikasu, mphindi zisanu kunja, timu itsale ndi anthu khumi. Kamphepo sanatsutse. Anawayang'ana antiwo kamodzi kokha, n'kupita kukakhala pa mpando wa olangidwa, ndodo itagona pamiyendo.

Mphindi zisanu zimenezo Anti Simbi anasewera momwe sanasewerepo chibadwire. Anatchinga ndi ndodo, anagwa, anadzuka, anakuwira atsikana kuti atseke kumanzere. Bondo analiiwala. Ankadziwa chimene chinkawathamangitsa, ndipo sichinali chikondi cha timu chokha, anali manyazi. Komabe anthu khumi ndi khumi basi. M'mphindi yachisanu mpira unadutsa pakati pa miyendo ya wapagolo, ndipo masewera anathera pa ziwiri kwa chimodzi.

M'chipinda chosinthira zovala nkhani ya atsikana inali imodzi, ya Kamphepo.

"Kuwerenga mpaka leveni kokha kwamukanika."

"Zaukaputenizi n'za akuluakulu, tinkanena ife."

"Pakanapanda anti akanatichinya zinayi."

Kamphepo ankamasula zingwe za nsapato. "Pepani nonse," anatero. "Khadi lija ndi langa." Za antiwo sanazitchule. Voti inali ya Lachiwiri, ndipo panalibe wokayika kuti ipita kuti. Chimene antiwo anachidikira zaka makumi awiri ndi ziwiri chinali chitafika m'manja, ndipo chomwe chinkafunika n'kungokhala chete masiku atatu.

Lolemba kuntchito anawotcha nsalu ya pathebulo. Maganizo anali kubwalo, simbi inakhalitsa pamalo amodzi, ndipo fungo ndi limene linawadzidzimutsa. Panali patapita zaka chiwotchere kanthu. Osita onse amadziwa kachenjerero kake: umapinda nsaluyo banga lili m'kati, imakwera m'mwamba ndi zinzake, ndipo ikadzatambasulidwa mlandu umagwera woyala matebulo. Antiwo anakalipirapo anthu ambiri chifukwa cha khalidwe limeneli. Tsiku limenelo anaipinda, banga m'kati, n'kuiika pamulu. Anaima n'kumaiyang'ana kwa kanthawi. Kenako anaitenga, kuitambasula, n'kupita nayo kwa akapitawo.

Ataweruka sanakwere basi. Analowa mu kashopu ka mafoni, momwe munthu mmodzi akaima wachiwiri amatsala pakhomo. Kamphepo anali atawerama pa foni yophwasula, timasikuluwu tili mu chivindikiro cha botolo.

"Iwe, unandiona," anatero antiwo.

"Ndinakuonani, anti."

"Nde bwanji uli duu?"

"Lamulo limati khadi ndi la kaputeni. Si inu munandiphunzitsa?"

"Usandiuze za malamulo. Mawa akuchotsa, ukudziwa?"

"Akandichotsa, andichotsa." Mtsikanayo anaika pansi sikuludilaiva. "Ndikaima pagulu n'kunena kuti ndi anti, aliyense adziwa kuti kaputeni uyu zikavuta amaloza chala. Komanso inu ndimakudziwani. Ndikakuyalutsani simudzapondanso pabwalo paja, ndipo kumbuyo kulibe wina."

Antiwo anatuluka osatsazika. Anali atakwiya kwambiri, ndipo chinawakwiyitsa n'chakuti mwanayo ananena zoona. Zomudziwa munthu kuti uyu ukamuchititsa manyazi sabweranso, iwo ankati n'za akuluakulu okha. Ulendo wonse wa kunyumba anayenda wapansi, bondo likuwawa, akukangana okha mumtima. Pofika pakhomo anali atatsimikiza chochita, ndipo amuna awo atawafunsa chavuta n'chiyani anangoti mawa abwera mochedwa.

Lachiwiri madzulo osewera khumi ndi asanu ndi mmodzi anakhala pansi pa shedi, ena pa benchi, ena pa zikwama zawo. Akochi anati voti ikhala yokweza manja, ndipo opikisana ndi awiri. Asanamalize, Anti Simbi anaimirira.

"Ndili ndi mawu, akochi. Loweruka mwanayu anaitana anthu awiri. Zala zake ndinaziona. Wachitatu ndinali ine, ndipo sindinalakwitse kuwerenga ayi, ndinalowa dala poganiza kuti ndikudziwa kuposa iyeyo. Khadi lija ndinamudyetsa ndine, masewera aja ndinaluzitsa ndine." Anayang'ana atsikanawo mmodzimmodzi. "Musaganize kuti ndagonja. Ukaputeniwu ndikuufunabe, ndipo ndikhoza kuugwira. Koma wakuba sindiufuna. Votani mukudziwa."

Wapagolo ankangosewera ndi lamba wa zotchingira miyendo zake. Akochi anakonza kapusi yawo n'kunena motsitsa mawu: "Amene akufuna Anti Simbi."

Antiwo anakweza dzanja lawo m'mwamba, mopanda manyazi, monga ananenera. Anayang'ana uku ndi uku. Atsikana omwe Loweruka ankawatamanda aja onse anali akuyang'ana nsapato zawo. Dzanja lina linali limodzi lokha, kumapeto kwa benchi, ndipo linali la Kamphepo.

"Tsitsa dzanjalo, iwe."

"Ndi langa, anti."

"Ndati tsitsa. Chisoni chako sindikuchifuna."

"Si chisoni. Ine Loweruka ndinangokhala pampando mphindi zisanu. Zomwe mwachita inu lerozi sindikudziwa ngati ndikanazikwanitsa."

Dzanjalo silinatsike. Akochi anawerenga awiri. Atatchula dzina la Kamphepo manja khumi ndi anayi anakwera, ena mwachangu, ena mwamanyazi.

Zinawapweteka Anti Simbi, ndipo palibe chifukwa chonamizira kuti sizinatero. Ankadziwa kuti mwayi wina sudzabweranso, poti mawondo aja anali atatsala ndi chaka chimodzi, mwina ziwiri. Zaka zonse zija adzatuluka m'bwalo asanakhalepo kaputeni ngakhale tsiku limodzi. Atsikana ankawaba ndi maso, kudikira kuona ngati atole chikwama n'kumapita. Iwo anawerama pang'onopang'ono, kumanga bandeji pabondo, kukoka masokosi, n'kutola ndodo. Kenako anatembenukira kwa mwana uja.

"Akaputeni, dzuwa likupita. Mwati tiyambe ndi chiyani?"